Ndani anatiphunzitsa kutopa ndi foni yomwe ikugwirabe ntchito?

Chaka chilichonse makampani akuluakulu a mafoni amatulutsa mitundu yatsopano, ndipo sipatenga nthawi kuti zithunzi ndi mitengo yake ziyambe kuzungulira m'magulu athu a WhatsApp. Funso limakhala lomwe lija: kodi ndisinthe foni? Ambiri amayankha poyerekeza kamera, RAM ndi kukula kwa sikirini. Ine poti ndimaphunzira mbiri yakale, ndimayamba ndi funso lina. Maganizo oti chinthu chomwe chikugwira bwino ntchito chakalamba anachokera kuti? Maganizowa ali ndi chiyambi chake, ali ndi anthu amene anawayambitsa, ndipo munthu ukawadziwa funso la foni silivutanso kuyankha.

Nkhaniyi inayamba foni zam'manja kulibe. Mu December 1924, ku Geneva, makampani opanga mababu a magetsi monga Osram ya ku Germany ndi Philips ya ku Netherlands anachita mgwirizano womwe umadziwika kuti Phoebus cartel. Mwa zina anapangana kuti babu lisamayake kupitirira maola 1,000, pamene mababu ena nthawiyo ankafika maola 1,500 mpaka 2,000. Fakitale yomwe mababu ake ankakhalitsa inkalipitsidwa chindapusa. Nzeru yake inali yosabisika: babu likapsa msanga, wogula amabwereranso kusitolo msanga.

Njira ina inatulukira ku America, pa malonda a galimoto. Henry Ford anayamba kupanga Model T mu 1908. Inali galimoto yolimba, yotsika mtengo, ndipo kwa zaka zambiri maonekedwe ake sankasintha kwenikweni. Alfred Sloan wa kampani ya General Motors anaona kuti mabanja ambiri akadzagula galimoto yolimba chotero, malonda adzaima. M'zaka za m'ma 1920 kampani yake inayamba kusintha maonekedwe a galimoto chaka ndi chaka. Galimoto ya chaka chatha inkayenda bwinobwino, koma mwini wake akaiimika pafupi ndi ya chaka chino ankadziona wotsalira. Ford anakakamira kwa kanthawi, koma mu 1927 anasiya kupanga Model T. Sloan sanafunike kuwononga injini ya wina aliyense. Anangochititsa kuti mtima wa mwini galimoto usakhazikike.

Mu 1960 wolemba wa ku America, Vance Packard, anatulutsa buku lotchedwa The Waste Makers, momwe anasiyanitsa njira zitatu zomwe katundu amathera. Yoyamba, chinthu chimatha chifukwa kwabwera china chochita zomwe chakalecho sichingathe. Yachiwiri, chimatha chifukwa chinapangidwa kuti chisakhalitse. Yachitatu, chimatha chifukwa mwini wake wangochikana mumtima pomwe chili bwino. Packard analibe vuto ndi njira yoyamba, ankatsutsa ziwiri zinazo. Ine ndikuona kuti mbiri ya foni m'Malawi imamveka bwino tikaiyeza ndi muyezo umenewu.

Foni yam'manja yoyamba anaiimba Martin Cooper wa kampani ya Motorola pa 3 April 1973 ku New York, ndipo inkalemera kuposa kilogalamu imodzi. Itafika pamsika patatha zaka pafupifupi 10, inkagulitsidwa madola 3,995. Kuno kwathu nthawi imeneyo telefoni inali ya m'maofesi ndi m'nyumba zochepa za m'tauni. Makolo athu amakumbukira kulemba kalata yomwe inkayenda masiku ambiri, kutumiza telegalamu, kapena kumvera uthenga wa maliro pa wailesi ya MBC n'kupeza kuti mwambo wachitika kale. TNM inakhazikitsidwa mu 1995, Celtel inayamba ntchito zake mu 1999, kenako inasintha dzina kukhala Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Poyamba foni yam'manja inali ya mabwana. Ena onse ankaima pamzere pa telefoni byulo, kuimba akuyang'ana wotchi kuopa kuti mphindi ingadumphe.

Kenako kunabwera mafoni a mabatani omwe munthu wamba akanatha kugula. Nokia 1100, yomwe inatuluka mu 2003, inagulidwa yoposa 250 miliyoni padziko lonse. Batire yake inkakhala masiku angapo, ndipo kumutu kwake kunali tochi, chinthu chamtengo wapatali m'dziko lomwe nyumba zambiri zilibe magetsi. Pambuyo pake kunadzafala timafoni totchipa tija anthu anatipatsa dzina loti Mose wa Lero. Anthu anaphunzira kufulasha, kugawana mayunitsi, ndi kulipira kangachepe pa gulosale kuti awatchajire foni. Mlimi anayamba kufunsa mtengo wa soya asanakweze matumba pa njinga. Mwana wa ku Johannesburg anayamba kumva mawu a mayi ake a ku Mangochi sabata iliyonse. Uku kunali kusintha kwa mtundu woyamba uja wa Packard: kuchoka pa kalata kufika pa foni, munthu ankapeza zomwe analibe n'komwe.

Chitsanzo chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi cha ndalama za pafoni. M-Pesa itayamba ku Kenya mu 2007, kuno kunabwera Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013. Tisanakhale ndi zimenezi, ndalama zopita kumudzi zinkapatsiridwa kondakitala wa basi kapena wachibale amene akupita kumeneko, ndipo wotumiza ankangopemphera kuti zikafike zonse. Lero ambiri a ife ndalama ya chakudya ndi ya lendi timalandira pafoni. Komatu kusintha kwakukulu chonchi sikunafune foni yatsopano. Ntchitoyi imayenda ndi timanambala toyamba ndi nyenyezi n'kumaliza ndi hashi, ndipo kafoni ka mabatani ka agogo kamaichita chimodzimodzi ndi foni ya mamiliyoni. Mphamvu yake inali mu netiweki ndi mwa maejenti okhala pansi pa maambulera m'misika.

Kudumpha kwachiwiri kunali kuchoka pa mabatani kupita pa foni za intaneti. iPhone inatuluka mu 2007, foni yoyamba ya Android mu 2008, WhatsApp mu 2009. Koma zomwe zinafikitsa intaneti m'manja mwa Amalawi ambiri ndi mafoni otsika mtengo monga Tecno ndi Itel, a kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, yomwe inaona msanga kuti mu Africa munthu amafuna malo a ma SIM awiri ndi batire yokhalitsa. Kufunika kwake tinakuona sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19. Wophunzira wokhala ndi foni yotsegula PDF ankalandira manotsi, wopanda foni yotero ankangomva kwa anzake. Apanso amene anasintha foni anapindula zenizeni.

Kuchokera pamenepo, kudumpha kwachepa. Tengani foni yabwino ya zaka zitatu zapitazo muiyike pambali pa ya chaka chino. Zonse zikutsegula WhatsApp, zonse zikujambula zithunzi zooneka bwino, zonse zikulowa pa tsamba la sukulu kukaona zotsatira za mayeso. Yatsopanoyo ndi yachangu pang'ono ndipo usiku imajambula bwinoko, koma bandulo ikatha kapena netiweki ikafooka, zonse ziwiri zimangozungulira kabwalo kaja mofanana. Chomwe chimasintha kwambiri ndi kakonzedwe ka makamera kumbuyo, kuti ngakhale munthu ali patali adziwe kuti iyi ndi ya chaka chino. Imeneyo ndi nzeru ya Sloan ija, yangosamuka pa galimoto kulowa m'thumba.

Nzeru ya mababu nayonso sinafe. Mu December 2017 kampani ya Apple inavomera kuti inkachepetsa liwiro la ma iPhone omwe mabatire ake anafooka. Inafotokoza kuti cholinga chinali choti foni zisamazime mwadzidzidzi, koma ogula sanauzidwe, ndipo ambiri ankaganiza kuti foni yatha pamene vuto linali batire chabe. Mu 2018 dziko la Italy linalipitsa Apple mayuro 10 miliyoni ndi Samsung mayuro 5 miliyoni pa nkhani ya mapulogalamu omwe ankafooketsa mafoni akale, ndipo mu 2020 France inalipitsa Apple mayuro 25 miliyoni. Kumbukiraninso kuti batire ya Nokia munthu ankaichotsa ndi chikhadabo n'kuikamo ina. Ya lero imamatidwa m'kati, moti ikafooka ambiri amayamba kuganiza zogula foni m'malo mogula batire.

Chosangalatsa n'chakuti dandaulo la ogula layamba kumveka. Mu October 2023 Google inalonjeza kuti Pixel 8 izilandira ma update kwa zaka 7, ndipo mu January 2024 Samsung inalonjeza zomwezo pa Galaxy S24. Ngati opanga eni ake akunena kuti foni ingakhale zaka 7, ndiye kuti kusintha chaka ndi chaka sikuchokera pa kufooka kwa chipangizocho.

Kwa ife nkhaniyi ili ndi kulemera kwina. Foni iliyonse yomwe ili m'sitolo za ku Limbe, Lilongwe kapena Mzuzu inagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya mafoni inatsatira. Wophunzira amene akudalira ngongole ya maphunziro akagula foni chifukwa cha maonekedwe, ndalamayo adzaibweza atamaliza sukulu, foniyo itasweka kalekale. Amene wangoyamba ntchito akaitenga pangongole yodula kumalipiro, amakhala akulipirabe pomwe mtundu wina watuluka kale. Palinso mtengo womwe sulembedwa pa risiti. Pafupifupi 70 peresenti ya cobalt wapadziko lonse, yemwe amalowa m'mabatire, amakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, makamaka kudera la Kolwezi, komwe ena amakumba ndi manja m'maenje oopsa. Ndipo malinga ndi lipoti la United Nations, mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi.

Sindikunena kuti munthu azikakamira foni mpaka kalekale. Mbiri yomweyi ikuonetsa kuti nthawi yosintha imafikadi. BlackBerry inali foni ya anthu otsogola, ndipo kupatsana PIN ya BBM kunali chizindikiro cha ulemerero, koma WhatsApp inasiya kugwira pa BlackBerry OS kumapeto kwa 2017, ndipo mu January 2022 kampaniyo inazimitsa ntchito za mafoni ake akale. Mu October 2023 WhatsApp inasiyanso mafoni a Android ochepera 5.0. Foni ikafika poti gulu la kalasi silikutsegulanso, yathadi. Foni yomwe inasiya kalekale kulandira ma update achitetezo, koma muli nayo pulogalamu ya banki, ikuika ndalama zanu pachiswe. Mtsikana amene amagulitsa zovala pa WhatsApp status, kapena mnyamata amene amajambula mavidiyo olipidwa, kamera yabwino kwa iye ndi khasu, ndipo imabweza ndalama yake. Onsewa ali mu mtundu woyamba wa Packard.

Choncho ine ndisanasinthe foni ndimadzifunsa kuti ndi ntchito iti yomwe ndikufuna kuchita imene foni yangayi ikukanika. Yankho likakhala batire, okonza mafoni m'misika mwathu amasintha pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi foni yatsopano. Likakhala sikirini yong'aluka, chimodzimodzi. Likakhala malo odzaza, nthawi zambiri ndi mavidiyo a m'magulu omwe sindinawaonere n'komwe. Ndikalephera kutchula ntchito ngakhale imodzi, ndimadziwa kuti chikundivuta ndi foni ya mnzanga wokhala naye pafupi m'kalasi. Ndipo ikafika nthawi yogula, chofunika kufunsa wogulitsa ndi chaka chomwe foniyo inatuluka, zaka zomwe izilandirabe ma update, komanso ngati zida zake zimapezeka kuno. Mafoni ambiri ogwiritsidwa kale ntchito ochokera kunja amawala bwino pa shelefu koma atsala pang'ono kusiyidwa ndi opanga ake. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

M'zaka 30 za foni yam'manja m'Malawi, kusintha komwe kunasinthadi miyoyo ya anthu kunachitika kawiri kapena katatu basi: kupeza foni koyamba, kutumiza ndalama pafoni, ndi kulowa pa intaneti. Mitundu yatsopano yatuluka mazanamazana. M'mabanja mwathu mudakali anthu ambiri amene sanafike pa kudumpha kwachitatu kuja, monga mlongo wa Fomu 4 amene amabwereka foni kuti aone mapepala a mayeso akale. Ngati muli ndi ndalama ya foni m'manja ndipo yanu ikugwirabe ntchito, foni yotsika mtengo yogulira iyeyo ingasinthe zambiri kuposa kamera yachinayi kumbuyo kwa yanu.