Matchona a kuno kwathu ndi nkhani ya minda

Ndikulemba kuchokera kuno ku Domue m'boma la Angónia. Ine ndine mlimi, sukulu ndinalekeza ku pulayimale, koma ndati ndilembeko mbiri ya anthu a kwathu amene amapita kunja kukagwira ntchito n'kubwerako. M'banja mwathu mokha tapita mibadwo itatu.

Oyamba anali agogo anga aamuna. Nthawi ya Apwitikizi kunali msonkho ndi chibalo, ntchito yokakamiza yopanda malipiro enieni. Amuna a kumwera kwa dziko lino ankatengedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, koma kuyambira 1913 Wenela inaletsedwa kulemba anthu a kumpoto kuno. Choncho ambiri a chigawo cha Tete analowera ku Rhodesia, m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Agogo anayenda wapansi, kuoloka Zambezi pabwato. Atatha zaka zinayi anabwera ndi njinga, bulangete ndi makina osokera. Makinawo ndi amene anatidyetsa mpaka nkhondo itafika. Amene sanabwerenso ankatchedwa matchona, ndipo akazi awo anakalamba akuyang'ana kunjira.

Amalume anga anatsatira njira yomweyo ali mnyamata. Mu March 1976 a Samora Machel anatseka malire ndi Rhodesia, makalata anasiya kubwera. Kenako kuno kunabuka nkhondo, makolo anga anathawira ku Dedza, komwe ine ndinabadwira mu 1990. Anthu a dziko lino oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi nthawi imeneyo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, ife tinabwerera mu 1994. Tinapeza mudzi uli tchire lokhalokha. Aliyense anagwira khasu paliponse pamene akanatha, ndipo munda wa amalume unalimidwa ndi msuweni wawo, poti onse ankati mwini wake anatchona.

Koma ayi, anali moyo. Kuyambira mu 2000 mafamu a azungu ku Zimbabwe anayamba kulandidwa, antchito ambiri a mtundu wathu anatsala opanda ntchito, opanda pokhala. Amalume anasamukira kumphepete kwa Harare, ndiye mu 2005 boma linagwetsa zisakasa zija pa ntchito imene ankaitcha Murambatsvina. Tsiku lina madzulo tinangoona nkhalamba ikulowa pabwalo ndi mkazi ndi ana atatu olankhula Chishona chokhachokha. Katundu wawo yense anali m'matumba awiri. Amayi anga anagwa pansi ndi kulira.

Chimwemwe sichinathe sabata, nkhani ya munda inayamba. Amalume amati ndi wa makolo awo. Msuweni amati wazula zitsa yekha ndipo walima zaka 11. Pabwalo la amfumu ndi pamene ndinamva koyamba za lamulo la malo la 1997. Lamulolo limati malo onse ndi a boma, sagulitsidwa, koma limazindikira malo amene munthu analandira mwa mwambo, komanso munthu amene walima malo mosaba kwa zaka 10. Ndiye onse awiri anali ndi pogwira. Amfumu ndi anyakwawa anagamula kuti munda wa kumtunda utsale kwa msuweni, amalume atenge dimba la kumtsinje limene linali bango lokhalokha. Amalume anakwiya, chaka chonse sanadye nsima kwa msuweni wawo.

Chimene anabwera nacho sichinali m'matumba aja, chinali m'mutu. Zaka zonse zija pafamu anaphunzira kukumba ngalande, kusankha mbewu ndi kusunga manyowa. Anapatutsa madzi a mtsinje, n'kubzala kachewere, kabichi ndi anyezi m'chilimwe pamene ife tinkangokhala. Pofika chaka chachitatu ogula a ku Ulongue ndi a ku Tete ankabwera okha kudimba. Ana awo anavutika kupeza zitupa, mpaka amfumu anachita kukawaikira umboni kuti ndi a pano.

Ine nditanyamuka kupita ku Joni mu 2013, amalume anandigwira dzanja nati, "Muphwanga, usapite usanaonetse munda wako kwa amfumu. Amene ukumusiyira avomere pamaso pa anthu kuti wangobwereka." Ndinatero. Ku Durban ndinkathandiza amisiri omanga nyumba, kugona anthu asanu m'chipinda chimodzi. Mu April 2015 anthu a kumeneko anayamba kumenya alendo, monga zinachitikira mu May 2008 pamene anthu 62 anaphedwa. Ndinasiya bedi ndi wailesi, ndinathawa ndi ndalama zimene ndinasokera mu thalauza. Munda ndinaupeza, mng'ono wanga anandibwezera popanda mlandu. Ndalamazo ndinagula pampu ndi matumba atatu a feteleza, ndipo lero ndimathirira pafupi ndi dimba la amalume, amene anatisiya zaka zitatu zapitazo.

Anyamata akupitabe, sitingawaletse. Koma pempho langa ku makalabu ndi lakuti tikamakambirana pa wailesi tiziwauza asiye munda pamaso pa mboni, ndipo alembetse ana awo. Wobwera manjamanja tisamuseke, timufunse kaye ntchito imene manja akewo anaphunzira.

Ndapereka moni ku kalabu ya ku Tsangano ndi ya ku Calomue.