Mmene Foni Inafikira kwa Osamalira Odwala ku Namitete

Pamsewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji pali Namitete, pomwe masisitere ochokera ku Luxembourg anatsegula chipatala cha St Gabriel's mu 1959. Dziko lonse linaphunzirako kanthu pamalo amenewa, ngakhale ifeyo sitikambapo kawirikawiri.

M'zaka zomwe Edzi ndi chifuwa chachikulu zinagoneka anthu ambiri m'makomo, chipatalachi chinkadalira anthu odzipereka a m'midzi. Ntchito yawo ndimaidziwa chifukwa azakhali anga ankaigwira kwathu. Ankasambitsa wodwala, kumutembenuza kuti asatuluke zilonda, kukhuthulira mapiritsi m'dzanja n'kuwawerenga, kenako kulemba zonse m'kope lomwe ankalisunga m'jumbo. Vuto linali mtunda. Mankhwala opha ululu akatha, kapena wodwala akaleka kudya, uthenga unkayenda wapansi kapena panjinga yakapalasa. Nayenso namwino ankatha mafuta a njinga yamoto kulondola munthu yemwe mwina wasamuka kapena watisiya kale.

Josh Nesbit, wophunzira wa pa yunivesite ya Stanford ku America, anaziona izi atabwera pachipatalapa mu 2007. Chaka chotsatira anabwereranso ndi mafoni wamba, laputopu imodzi ndi pulogalamu yaulere ya FrontlineSMS yomwe anaipanga Ken Banks. Ubwino wake unali wakuti sinkafuna intaneti. Laputopu ija inkalandira ndi kutumiza mauthenga pa netiweki ya foni basi. Wodzipereka ankatha kulemba ali pakhonde la wodwala kuti akuti auje afooka, ndipo kuchipatala ankamuyankha zochita, kapena namwino ankanyamuka akudziwa khomo lofikira ndi mankhwala oti atenge.

Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2010 anaunika odzipereka 75 omwe analandira mafoni. Anapeza kuti pa miyezi isanu ndi umodzi anapulumutsa maola oposa 2,000 omwe akanathera panjira, ndipo chiwerengero cha odwala chifuwa chachikulu omwe chipatala chinkatha kuwasamalira chinawirikiza kawiri. Ntchitoyi ndi yomwe inabala bungwe la Medic Mobile, lomwe linafalikira m'maiko ena a mu Africa ndi Asia. Kuno kwathu, mu 2011 ku Balaka kunayambanso Chipatala cha pa Foni, chomwe pambuyo pake boma linachitenga n'kuchifikitsa m'dziko lonse.

Chimene ndimafuna tisaiwale n'chakuti foni inapeza anthu ali kale pantchito. Inathandiza chifukwa inagwera m'manja mwa munthu wodziwa khomo lililonse, amene wodwala ankamukhulupirira mpaka kumuuza zakukhosi. Lero tikamagula matabuleti ndi mapulogalamu atsopano, tiyambe tafunsa ngati mlangizi wa zaumoyo ndi wodzipereka uja ali ndi mayunitsi, potchajira, njinga yoyenda, komanso munthu kuchipatala woti amuyankhe msanga akatumiza uthenga usiku.