Ndani amadziwa mvula? Kuchokera ku Msinja mpaka pa foni

Lero ndilemba motalikirapo, ndiye amene bandulo yanu ndi yoperewera mundikhululukire.

Sabata yatha ndinagona ku Kawale kwa alamu anga, nditapita kukagula mbewu. Madzulo tili pakhonde, mwana wa achemwali anga wa ku Area 25 anatulutsa foni n'kunena kuti, "Malume, Lachinayi kugwa mvula yamphamvu, foni ikutero. Mukafika muzikabzala basi." Alamu anaseka mpaka kutsokomola. Iwo akuti za pafonizo n'zabodza, munthu azingoyang'ana mango ndi mphepo ngati kale. Anakangana mpaka nsima kuzizira. Ine amene ndinali ndi mbewu m'chikwama, yogula ndi ndalama ya mbuzi, ndinangokhala duu, chifukwa akalakwitsa onse awiriwo wogona ndi njala ndine. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndikudziwa za mbiri ya nkhaniyi, kuti tione amene tingamumvere.

Tiyambe ndi kwathu konkuno. Kufupi ndi mapiri a Dzalanyama kuli Msinja, kumene kunali kachisi wamkulu wa Chisumphi. Kumeneko kunkakhala Makewana, mayi wa ana onse, amene ntchito yake inali yopempha mvula. Akuluakulu amati sankameta tsitsi, poopa kuti akameta ndiye kuti wadula mvula. Kunali ng'oma yotchedwa Mbiriwiri, ndipo mafumu ankatumiza nthumwi ndi mphatso kuchokera kutali kukakhala chilala. Kachisiyo anaonongedwa pa nkhondo za Angoni m'zaka za m'ma 1800, koma dzina lake silinafe. Kaya munthu umakhulupirira zimenezo kaya ayi, chinthu chimodzi n'choonekeratu: makolo athu ankadziwa kuti mvula si nkhani ya munthu mmodzi. Inali ndi malo ake, anthu ake oiyang'anira, ndipo dziko lonse linkamvera.

Pambali pa kachisi panalinso maso a mlimi aliyense. Agogo anga aakazi ankawerenga nyengo ngati mmene inu mumawerengera uthenga wa pa WhatsApp. Mitengo ya m'tchire ikayamba kuphukira masamba ofiira, nyenje zikalira mosalekeza dzuwa lili pamutu, anamzeze akayamba kuuluka chamunsi, mphepo ikatembenuka n'kumachokera kumpoto, iwo ankati konzani mbewu. Mvula ya mu Okutobala ankaitcha chizimalupsa, ndipo mwana akathamangira khasu ankamuletsa: imeneyo ndi yozimitsa lupsa chabe, yobzalira ikubwera. Mango akabereka mopitirira, ankati sungani gaga, chaka chino n'chokayikitsa. Nzeru zimenezi sizinalembedwe m'buku, koma zinachokera pa kuyang'ana malo amodzimodzi kwa zaka zambirimbiri.

Kenako kunabwera zoyezera. Azungu a boma la atsamunda, a mishoni ndi a m'maesiteti anayamba kuika timabotolo toyezera mvula n'kumalemba m'mabuku tsiku ndi tsiku. Malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, pa msewu wa ku Mchinji, anatsegulidwa mu 1948, ndipo mpaka lero amayeza nyengo. Chaka chotsatira, 1949, kunagwa njala ija imene agogo a kum'mwera amaisimbabe. Wayilesi ya MBC itayamba mu 1964, zanyengo zinayamba kulowa m'nyumba, ndipo bambo anga ankatiletsa kusokosera ikafika nthawi yake. Pa nthawi imeneyo Lilongwe inali isanakhale likulu. Inakhala likulu mu 1975, ndipo malo ambiri amene lero kuli nyumba zothithikana anali minda, madambo ndi tchire.

Za mumlengalenga nazo zinayamba kale kuposa mmene ambiri timaganizira. Setilaiti yoyamba kujambula bwino mitambo, TIROS-1 ya ku America, inaponyedwa mu 1960, dziko lino likadali Nyasaland. Ya ku Ulaya yotchedwa Meteosat, imene imayang'ana Africa, inayamba mu 1977. Makina amtundu umenewu amakhala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo amayenda mofanana ndi kuzungulira kwa dziko, choncho amaoneka ngati aima malo amodzi. Koma mvetsani bwino apa: saona dontho la mvula likugwa m'munda mwanu. Amayeza kuzizira kwa pamwamba pa mtambo. Mtambo ukakhala wautali ndi wozizira kwambiri, kompyuta imawerengera kuti pansi pake payenera kuti pagwa mvula yakuti. Ndi kuyerekeza kwanzeru, koma ndi kuyerekeza ndithu.

Nanga makinawa akhala akulondola? Nthawi zina ayi. Mu 1997 tinachenjezedwa za El Niño wamkulu, anthu anaopa chilala choopsa ngati cha 1992, koma sichinafike monga ankanenera. Alamu anga mpaka lero amakumbutsa chaka chimenecho. Koma aiwala zina. Namondwe Freddy anayambira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, ndipo masetilaiti anamutsatira akuwoloka nyanja yonse ya India kwa masabata oposa asanu. Nthambi yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo inachenjeza asanafike. Atafika mu Malichi, ku Chilobwe, ku Phalombe, ku Mulanje ndi madera ena kunafa anthu oposa 1,000. Palibe nyenje kapena mango amene akanatiuza za chinthu chochokera ku Australia. Chimodzimodzi chilala cha 2024: ananeneratu kuti kuli El Niño mvula isanayambe, Febuluwale anauma, ndipo pa 23 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Amene tinamvera n'kubzalako mbatata ndi chinangwa tinapeza pogwira.

Koma nkhani imene ndikufuna muisunge ndi ya 2016. Boma la Malawi linagula inshulansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity, n'kulipira ndalama pafupifupi madola 4.7 miliyoni. Mgwirizano unali wakuti kompyuta yawo, pogwiritsa ntchito mvula yoyezedwa ndi setilaiti, ikaona kuti mbewu zapsa, ndalama zituluke msanga. Chilala chinabweradi. Mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza za ngozi, ndipo kafukufuku wa m'dziko muno anapeza kuti anthu pafupifupi 6.5 miliyoni akufunika chakudya. Kompyuta ija inati ovutika ndi ongopitirira 20,000, choncho palibe cholipira.

Chinalakwika n'chiyani? Atafufuza, mothandizidwa ndi akatswiri a ku Bunda, anapeza kuti kompyutayo inauzidwa kuti alimi a ku Malawi amabzala chimanga chochedwa kucha, cha masiku 120 kapena kuposa. Pomwe ambiri tinali titasinthira ku chocha msanga, cha masiku pafupifupi 90. Ng'amba inapeza chimanga chathu chikumasula ngayaye, nthawi imene sichipirira ludzu, pomwe chimanga cha m'kompyuta chinali kudikira mvula ya kumapeto n'kuchira bwinobwino. Atakonza, anavomera kulipira madola 8.1 miliyoni, ndipo ndalamazo zinafika mu Januwale 2017, anthu atavutika kale miyezi yambiri. Taganizani: makina a pa makilomita 36,000 anaona mitambo, koma funso loti "munabzala mbewu yanji?" akanaliyankha mayi aliyense wa pa mjigo.

Ndi chifukwa chake foni ya mwana wa achemwali ndimaimvera ndi khutu limodzi. Mapulogalamu ambiri a zanyengo a m'mafoniwa amapangidwa ndi makampani a kunja, ndipo akalemba kuti "Lilongwe" amaika kamtambo kamodzi. Koma inu nomwe mukudziwa kuti imagwa ku Area 23 mpaka kukokolola milatho ya matabwa, ku Chinsapo anthu akuanika zovala. Zaka zitatu zapitazo ine ndinamvera pulogalamu ina yotere, n'kubzala pa mvula yoyamba chifukwa inkaonetsa mvula sabata yonse. Kunatsatira dzuwa la masabata awiri. Mbewu inamera n'kupserera, ndinabzala kachiwiri ndi ya ngongole. Wopanga pulogalamuyo sadziwa n'komwe kuti ndilipo.

Komanso alamu, zizindikiro zanu zija sizikugwiranso ngati kale. Mitengo imene agogo ankayang'ana yatha. Chizimalupsa zaka zina sichibwera, zaka zina chimabwera champhamvu ngati yobzalira n'kutipusitsa. Dziko likutentha chifukwa cha utsi wa malasha ndi mafuta umene mayiko olemera akhala akutulutsa kwa zaka zoposa 100, ndipo gawo la Malawi pa utsi umenewo ndi lochepetsetsa. Limenelo si tchimo lathu. Koma lathu liliponso. Mtsinje wa Lilongwe umachokera mu Dzalanyama, ndipo madzi amene mumamwa m'tauni amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu kuno ku Malingunde. Nkhalangoyo yadulidwa mpaka mu 2015 boma linatumiza asilikali kukailondera. Owotcha makala ndife a kumudzi, ogula ndinu a m'tauni. Njinga zija mumaziona m'mamawa zikulowa ku Chinsapo ndi ku Likuni zitasenza matumba atatuatatu, zimenezo ndi Dzalanyama akusamukira pa mbaula zanu.

Zotsatira zake mwaziona nokha. Mu Febuluwale 2017 Lingadzi anasefukira n'kulowa m'nyumba ku Mtandire. Mu Disembala chaka chomwecho, komanso mu Januwale 2019, madzi analowa ku Kawale, ku Biwi, ku Mchesi, ku Chipasula ndi ku Kaliyeka. Alamu anga omwewa anataya matiresi ndi matumba awiri a chimanga amene ndinawatumizira. Setilaiti ikhoza kuona mtambo wakuda pamwamba pa Lilongwe, koma singaone ngalande yodzaza ndi majumbo kuseri kwa nyumba yanu, kapena mchenga umene wakumbidwa m'mphepete mwa mtsinje, kapena nyumba ya lendi yomangidwa pa dambo. Madzi saiwala khwawa. Abale a ku Mgona amene muli m'mbali mwa Nankhaka, mawu amenewa ndi anunso.

Ndiye pa mkangano wa pakhonde uja ine ndaima apa. Zochokera kutali, monga namondwe ndi El Niño, ndimvera a zanyengo athu, amene amalengeza za dzinja lonse cha mu Seputembala ndipo amatulutsanso za boma lililonse palokha. Koma tsiku lobzala ndisankha ndi khasu. Ndikumba pamzere, ndione ngati chinyezi chalowa kupitirira chikhatho, ndifunse alangizi zomwe botolo lawo layeza, kenako ndibzale. Mbewu ndaigawa pawiri, yocha msanga ndi yapakatikati, ndipo mbatata ndi nandolo sizisowa.

Pempho langa kwa inu a m'tauni: muzititumizira uthenga wochokera ku nthambi ya zanyengo, osati chithunzi cha kamtambo cha pa pulogalamu iliyonse. Ndipo mukatumiza musamatilamule kuti bzalani, muzitifunsa kuti kwanuko yagwa bwanji. Kwa anzanga a kuno: ndagula kope la masamba 80, ndipo ndaika chitini chowongoka pa mtengo pakati pa bwalo. Mvula ikagwa ndiziyeza ndi rula n'kulemba tsiku, pamodzi ndi tsiku lobzala ndi dzina la mbewu. Tikakhala anthu khumi ochita zimenezi m'midzi yosiyana, pakatha zaka zisanu tidzakhala ndi chonena pamaso pa aliyense wobwera ndi kompyuta yake.

Lachinayi lija inagwadi, koma yongothimitsa fumbi. Mbewu ikadali m'chikwama. Amene kwanu yagwa yolowa pansi, lembani m'munsimu dzina la mudzi ndi tsiku, tiyambire pamenepo.