Akavalo a ku Beersheba

Onse owerenga Buku Lopatulika adziwa Beereseba, kumene Abrahamu anapangana ndi Abimeleki pa mlandu wa citsime. Koma ali owerengeka mwa ife amene anamva kuti zitsime za pamalo pomwepo, pochedwa Beersheba lero, zinalimbiranidwanso pa nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918, ndi kuti akavalo ndiwo anazilanditsa.

M'caka ca 1917 ankhondo a Angerezi anafuna kukwera kunka ku Yerusalemu, koma Aturuki anawatsekera njira. Kawiri anayesa kupyola pa Gaza, ndipo kawiri anabwezedwa. Pamenepo kazembe wao watsopano, General Allenby, anatsimikiza mtima kuzungulira ca kum'mawa, kudzera m'cipululu kufikira ku Beersheba. Ulendo umene unali woopsa, pakuti m'cipululumo madzi anali osowa, ndipo khamu lija likadapanda kulanda zitsime tsiku lomwelo, anthu ndi zoweta zao akadabwerera ndi ludzu lao, ambiri nakomoka panjira.

Tsikulo linali 31 October. Nkhondo inayamba mamawa nipitirira usana wonse, ndipo pamene dzuwa linapendeka mudzi unali cikhalire m'manja mwa adani. Akavalo anali atayenda usiku wonse, ambiri osalawa madzi kuyambira dzulo lace. Tsono General Chauvel analamulira apakavalo a ku Australia, ngati 800, kuti athamangire mudziwo poyera, popanda pobisala. Analibe malupanga, anagwira m'manja mipeni ya kunsonga ya mfuti.

Talingalirani, abale, cimene nyama zija zinacita. Kavalo ndi nyama ya mantha, yodzidzimuka ngakhale ndi tsamba louluka. Koma awa analunjika kumene kunali mizinga ndi mfuti zaciwaya, fumbi liri koboo, anzao alikugwa pambali pao, osapatuka iai. Pofika pa maenje m'mene munali adani, ambiri anangolumpha pamwamba pa mitu yao, nalowa m'mudzi asanathe Aturuki kuononga zitsime zonse monga anakonzera. Anafa amuna 31 ndi akavalo ngati 70. Usiku umene madzi anapezeka, ndipo m'mwezi wa December Yerusalemu analandidwa.

Nanga mphotho yao inali yotani? Dziko la Australia linatumiza akavalo oposa 130,000 ku nkhondo ija, koma amene anabwerera kwao ndi mmodzi yekha, dzina lace Sandy, kavalo wa General Bridges. Ena anafa ndi zipolopolo ndi nthenda. Otsala, cifukwa ca kuopa kutengera nthenda kwao ndi kukula kwa mtengo wa zombo, anaperekedwa kwa ankhondo ena, ndipo okalamba ndi odwala anaomberedwa. Sanadziwa mlandu umene anafera. Anangodziwa mau a mwini wace ndi dzanja limene linawadyetsa.

Kuno kwathu akavalo ndi osowa, koma tiri nao abulu ndi ng'ombe za pagoli, zimene zitisenzera akatundu osatha kudandaula. Munthu wotukula cikoti pa ng'ombe yotopa, kapena woiwala kumwetsa bulu wace dzuwa liri pamutu, akumbukire akavalo a ku Beersheba, ndi kuti Mlengi wa nyama zimenezi adzatifunsa m'mene tinazisungira.