Chinsinsi cha Tizidutswa Tochokera Kuthambo

M'chaka cha 1912, Victor Hess wa ku Austria anakwera ndi baluni mamita oposa 5,000 napeza cheza chotsika kuthambo. Pambuyo pake kunadziwika kuti chezacho ndi tizidutswa tamagetsi taliwiro loopsa. Nanga liwirolo timalitenga kuti?

Enrico Fermi anayankha mu 1949 ali ku Chicago. Iye anati pakati pa nyenyezi pali mitambo yampweya wamagetsi, yonyamula mphamvu yamaginito, yowinduka ngati madzi apamathithi. Kachidutswa kakawombana ndi mtambo wobwera kamanjanja ngati mpira nikawonjezera liwiro. Kakagunda wothawa kamafooka. Komatu kuwombana ndi yobwera ndiko kumachuluka.

Njirayi inali yochedwa ndithu. Mu 1977 ndi 1978 akatswiri ena anasonyeza kuti mafunde a nyenyezi zophulika amagwira ntchitoyi mofulumira.