Zala 18 za ku Xiaogang: Mbiri ya China Mwachidule

1. Zaka za njala

China ndi dziko lalikulu la ku Asia. Kuli anthu oposa 1.4 biliyoni. Chipani cha Chikomyunizimu chidatenga boma pa 1 Okutobala 1949, mtsogoleri wake ali Mao Zedong. Mpaka lero chipanichi chikulamulirabe chokha.

Mu 1958 Mao adalamula kuti anthu akumudzi azilima pagulu ndi kudya pagulu. Munda wa banja kudalibenso. Ena adachotsedwa kumunda kuti azikasungunula zitsulo, mpaka miphika ndi makasu zidaponyedwa m'ng'anjo. Akuluakulu a m'maboma ankaopa kunena zoona. Ankalemba kuti zokolola zachuluka, chonsecho m'nkhokwe mulibe kanthu. Boma lidatola mpunga ndi tirigu potsata mabodzawo, alimi n'kutsala manja lende. Njala idapha anthu osaneneka. Ngakhale amene amawerenga mochepetsa amati adafika 15 miliyoni.

2. Adadinda zala

Mao adamwalira mu 1976. Patapita zaka ziwiri, alimi 18 a m'mudzi wa Xiaogang, m'chigawo cha Anhui, adakumana mobisa m'nyumba ya mnzawo. Adali atatopa ndi njala komanso kupemphetsa. Adagwirizana kugawana munda wa gulu kuti banja lililonse lizilima pakepake. Gawo la boma lizipita kuboma, zotsala zikhale za mwini khasu.

Umenewu udali mlandu waukulu. Choncho adalonjezana chinthu china: wina akamangidwa kapena kuphedwa chifukwa cha panganoli, anzake adzamulerera ana mpaka atakwanitsa zaka 18. Aliyense adatsimikiza pepalalo, ambiri podinda chala, monga timachitira kuno tikamalandira katundu pagulu.

Chaka chotsatira adakolola zochuluka kuposa kale lonse. Nthaka idali yomweyo, anthu ake omwewo. Chidasintha n'chakuti mlimi ankadziwa kuti thukuta lake lidyetsa ana ake. Boma silidawamange. M'malo mwake lidalola midzi ina kutengera chitsanzo chawo.

3. Chuma chikula

Mtsogoleri watsopano, Deng Xiaoping, adatsekula zitseko za malonda kuyambira mu 1978. Mu 1980 dera la Shenzhen, pafupi ndi Hong Kong, lidapatulidwa kuti makampani akunja amangeko mafakitale. Lero ndi mzinda wa anthu oposa 17 miliyoni. China idalowa m'bungwe la zamalonda la dziko lonse mu 2001, ndipo mu 2010 idapitirira Japan n'kukhala yachiwiri pa chuma, kutsatira America. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse imati anthu pafupifupi 800 miliyoni adatuluka mu umphawi wadzaoneni. Apa tisawamane ulemu, adagwira ntchito.

4. Mimba yakhuta, pakamwa patsekedwa

Boma lidamasula khasu ndi msika, koma silidamasule lilime. Mu 1989 ophunzira adasonkhana pabwalo la Tiananmen ku Beijing kupempha ufulu wolankhula ndi kuthetsa katangale. Usiku wa pa 3 kuchezera pa 4 Juni asilikali adalowa mumzinda ndi akasinja. Anthu mazanamazana adaphedwa, ena amati masauzande. Nkhaniyi ndi yoletsedwa ku China mpaka lero, ngakhale pa intaneti.

Boma lidalowereranso m'nyumba za anthu. Kuyambira 1980 mpaka 2015 mabanja ambiri ankaloledwa mwana mmodzi yekha. Lero boma lomwelo likupempha anthu kubereka atatu, poti nkhalamba zachuluka.

Wolemba mabuku Liu Xiaobo adapatsidwa mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2010 ali m'ndende, ndipo adamwalira mu 2017 asadamasulidwe. M'chigawo cha Xinjiang, Asilamu ambiri a mtundu wa Uyghur adatsekeredwa m'misasa. Mu 2022 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu idati kumeneko kudachitika nkhanza zazikulu. Boma la mtsogoleri wa China, Xi Jinping, limakana. Limati misasayo idali sukulu zophunzitsa ntchito zamanja ndi kuthana ndi zigawenga. Koma sukulu imene munthu sangatulukemo akafuna, ife timaitcha dzina lina.

5. China ndi ife

China ikamapalana ubwenzi ndi dziko lina, imati silowerera ndale za eni ake. Koma ili ndi lamulo limodzi losasintha: bwenzi lake lisazindikire Taiwan, chilumba chimene China imati n'chake, ngati dziko palokha.

Ku Zambia ubwenziwu ndi wakale. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, idamangidwa ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975.

Malawi idali bwenzi la Taiwan kuyambira 1966, ndipo chipatala chachikulu cha Mzuzu chidamangidwa ndi thandizo lawo. Kumapeto kwa 2007 boma la Bingu wa Mutharika lidasiya Taiwan n'kupita kwa China. Zitatero tidaona Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga-Chitipa, yunivesite ya MUST ku Thyolo ndi bwalo lamasewero la Bingu. Zina mwa izi zidali mphatso. Zina ndi ngongole, ndipo obweza ndife, kudzera m'misonkho.

Phungu wanu akadzabwera kumsonkhano wa m'dera, mudzaimike dzanja. Mudzamufunse kuti ngongole ya ku China yafika pati, ndipo tidzamaliza liti kubweza.