Kodi Thambo Linapendekera Mbali Imodzi?

Amene anaonapo thambo la ku Tsangano usiku wa mu June akudziwa kuti nyenyezi sizinamwazike mofanana. Zambiri zinaunjikana mu Mlalang'amba, kwinaku zili apo ndi apo. Koma akatswiri a zakuthambo amati ukaponya maso kutali zedi, kupitirira mlalang'amba wathu, mbali zonse n'zofanana. Ganizo limeneli amalitcha isotropy, ndipo lili ndi linzake, homogeneity, lakuti chilengedwe chilibe pakati kapena m'mphepete. Loyambalo likunena za kumene wayang'ana, lachiwirili za pamene waima. Masamu osonyeza kuti chilengedwe chatha zaka 13.8 biliyoni anatsamira pa maganizo awiriwa, choncho sangangosiyidwa osayesedwa.

Kwa nthawi yaitali mboni inali kuwala kokha, komatu kuwala kumatchingika ndi fumbi la m'mlengalenga. Tsopano kwabwera mboni ina, gravitational waves, mafunde a mphamvu yokoka. Pamenepa chimene chimagwedezeka si madzi kapena mpweya, koma danga lenilenilo: limatamuka n'kufinyika zinthu zolemera kwambiri zikamazungulirana. Albert Einstein anawalosera mu 1916, koma anamveka koyamba pa 14 September 2015, pamene makina a LIGO ku Hanford ndi ku Livingston, m'dziko la America, anagwira kugundana kwa ma black hole awiri, zinthu zolemera kwambiri moti ngakhale kuwala sikungathawemo. Mafundewa amangodutsa m'fumbi osatchingika.

Njira yoyamba yoyesera ndi kuwerenga. Kugundana kulikonse amakulemba pa mapu a thambo, n'kuona ngati kwachuluka mbali ina. Apa pali msampha wotchedwa selection effect. Makina a LIGO, okhala ndi mikono iwiri ya makilomita 4, amamva bwino zochokera pamwamba pake ndi pansi pake kusiyana ndi za m'mbali. Wosasamala akhoza kunena kuti thambo lapendekera, chikhalirecho lapendekera ndi khutu lake. Atachotsera zimenezi, ofufuza sanapeze mbali yoposa inzake.

Njira yachiwiri ndi kumvetsera chimene amati background. Munthu akaima chapatali ndi msika wa Lizulu tsiku la msika, samva mawu a wogulitsa mbatata kapena kabichi payekha, amangomva chiphokoso chimodzi. Chikakula mbali ina, mwina kumeneko kwachuluka anthu, mwina pali mmodzi wapafupi wokuwa kwambiri. Mafunde a ma black hole akuluakulu osawerengeka amasakanikirana chimodzimodzi, ndipo kukula kwa mbali imodzi n'kumene amati anisotropy.

Chiphokoso chotere amachimva kudzera mu ma pulsar. Pulsar ndi chotsalira cha nyenyezi imene inaphulika. Chimazungulira mothamanga n'kumatumiza mafunde a wailesi mosaphonya nthawi, ndipo woyamba kuchizindikira anali Jocelyn Bell Burnell mu 1967. Funde la mphamvu yokoka likadutsa pakati pa ife ndi pulsar, chizindikiro chake chimafulumira kapena kuchedwa ndi kachigawo kochepetsetsa ka sekondi. Pulsar imodzi ikasokonekera si umboni. Umboni ndi pamene zambiri zasokonekera mogwirizana, malinga ndi kutalikirana kwake pathambo.

Ntchito imeneyi ikuchitika kuno kum'mwera kwa Africa. Ku Karoo, m'dziko la South Africa, kuli MeerKAT, makina a madishi 64 amene anatsegulidwa mu 2018. Atatsata ma pulsar 83 kwa zaka zinayi ndi theka, ofufuza anatulutsa mapu mu December 2024, osonyeza dera lina la thambo la kum'mwera kumene mafunde akuoneka amphamvupo. Eni akewo sanathamangire kuimba ng'oma. Anachenjeza kuti mwina ndi noise chabe, kutanthauza zosokoneza zongochitika mwangozi m'miyeso.

Ngakhale deralo litatsimikizika, isotropy siingagwe lero ndi lero. Ngati chiphokosocho chikuchokera kwa ma black hole, n'zoyembekezeka kuti ena apafupi amveke kwambiri. Ngati chinachokera pachiyambi pa chilengedwe, chiyenera kumveka mofanana mbali zonse. Motero mapuwa athandizanso kudziwa gwero lake. Chofunika ndi ma pulsar ambiri ndi zaka zambiri, ndipo MeerKAT idzalowa m'makina aakulu otchedwa SKA. Mozambique ndi Zambia ali m'gulu la mayiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchitoyi.